Atsibweni a Diyasi ndi Chitini Chotupa

Mvula ya Malichi ikayamba kugunda pa malata, kwathu timangoyang'anana. Ndi mwezi umene tinaika atsibweni anga a Diyasi, mchimwene wawo wa amayi, ndipo chaka chino titapita kukalambula pamanda pawo ndinaona kuti ana ayamba kale kuwaiwala nkhope. Ena amangoti agogo a zitini aja. Dzinalo silolakwika, koma ndi lalifupi kwambiri kwa munthu ngati uja. Chinawapha ndi chitini cha nyama chimene anachisunga zaka zambirimbiri pansi pa bedi, ndipo m'chitini chomwecho mwana wanga Tamanda anadyamo supuni imodzi. 

A Diyasi anali khukhi. Anagwira ntchito kunyumba ya manijala pa esiteti ina ya tiyi kufupi ndi kwathu kuno ku Milonde, kuyambira nthawi ya bwana wachizungu mpaka mabwana akuda amene anabwera pambuyo pake. Anali munthu wamfupi, wa matewe, woyenda mofulumira ngati wasiya mphika pamoto. Ngakhale atapuma ntchito, m'mawa uliwonse ankamanga epuloni yoyera n'kumasesa pabwalo atavala chomwecho. Amayi ankawaseka kuti achimwene, nkhuku zanu zikudziwa kale kuti munali khukhi, vulani. Iwo ankangosesa mwamphamvu kuti fumbi lipite kumene kwakhala amayi.

Chizolowezi chawo chachikulu chinali kulawa. Kwathu ukamapatsa mlendo thobwa kapena mowa umayamba iweyo kumwako, kuti mnzako amwe mtima uli m'malo. Ambiri amangogunditsa mlomo pa chikho, mwambo chabe. Atsibweni ayi. Iwo mwambowu anauphatikiza ndi ukhukhi mpaka unasanduka lamulo. Panalibe chakudya chimene chinkalowa m'kamwa mwa mwana wa mbumba yawo iwo ali pomwepo asanalawe. Paukwati, pamaliro, pachinkhoswe, ankazungulira miphika ndi supuni yawo ya m'thumba la malaya, azimayi ophika akung'ung'udza kumbali. Akalawa ankatseka maso, n'kudikira pang'ono, kenako n'kugwedeza mutu. Akatero nkhani yatha. Kukana chakudya chimene a Diyasi alawa pamaso pako kunali ngati kuwanena kuti ndi mfiti. Mayi wina anayesapo zimenezi pa sadaka, ndipo sanapatsanenso moni mpaka mayiyo anasamuka m'mudzi.

Ankati chakudya choipa sichibisala pa lilime. Poizoni aliyense, kaya wa makoswe kaya wa munthu wanjiru, amaluma msanga. Ndiye wamkulu aziyamba, kuti ngati n'kufa afe iyeyo amene wadya kale zambiri padziko. Ndili mwana mawu amenewa ankandisangalatsa, ndinkaona ngati tili ndi msilikali wathuwathu wa pa mbale.

Tsono zitinizo. Pansi pa bedi lawo panali bokosi lachitsulo lobiriwira, lalitali ngati la maliro a mwana. M'menemo munali nyama, nsomba, nyemba, mkaka wotsekemera, ngakhale mapichesi. Zoyamba anawasiyira dona wa bwana uja pobwerera kwawo. Zina ankagula okha akalandira malipiro, chimodzichimodzi, mpaka ukalamba. Lamlungu akachokera kutchalitchi ankalikoka bokosilo, n'kupukuta zitini zapamwamba ndi kansalu, n'kulibwezera. Zapansi sankazifika chifukwa msana unali utayamba kukana. Ankati chitini ndi nkhokwe imene anankafumbwe salowamo, khoswe saiboola, ndipo ukamathawa umainyamula pamutu. Ukawafunsa kuti nanga tidzadya liti, ankangoti chakudza sichiimba ng'oma.

Ndi amayi ankakangana za bokosili chaka chilichonse, makamaka pa Khirisimasi.

"Achimwene, ana awa adye chigwada lero, nyama ikuchita dzimbiri pansi pa bedi?"

"Chigwada ndi chakudya, chemwali. Njala simunaione inu."

"Mudzafa n'kuzisiya zimenezi."

"Ndikadzazisiya ndiye kuti dziko lakhala pamtendere. Mudzathokoze Mulungu."

Amayi ankachoka akutukwana chamumtima, n'kumatiuza kuti munthu woumira ngati mlongo wawo sanabadwenso. Koma madzulo ake ankawatumizirabe mbale ya chigwada chomwecho, ndipo atsibweni ankabweza mbaleyo ndi uthenga woti mchere unachepa.

Ine ndinakangana nawo pa nkhani ya deti. Nditabwera ku holide kuchokera kusekondale, mutu utadzaza nzeru zatsopano, ndinatembenuza chitini chimodzi n'kuona kuti deti yake inatha ine ndili ku pulayimale. Ndinawauza mwaulemu wonse kuti zimenezi zinatha ntchito, n'zoyenera kutaya kudzala. Anandiyang'ana ngati ndaponda m'mbale. Anati deti analemba ndi munthu wofuna kuti utaye chakale ukagule chatsopano, ndipo chitini sichinapite kusukulu, sichidziwa kalendala. Ndinafunsa ngati bwana wawo ankadya zotha deti. Anati bwana ankataya ngakhale buledi wadzulo, koma bwanayo anali ndi kwawo kothawira. Anavomera chinthu chimodzi chokha, kuti kukhitchini kwa bwana chitini chotupa sichinkatsegulidwa n'komwe, ankakachikwirira kuseri kuti ngakhale galu asachipeze.

Chifukwa chenicheni cha bokosilo ndinachimva kwa amayi ndili wamkulu kale. Atsibweni ali mnyamata anakakhala chikamwini kutsidya, ku Mozambiki, kumene makolo athu anachokera. Nkhondo itafika kumeneko anathawa ndi mkazi wawo ndi mwana wamkazi amene anali atangoyamba kuyenda. Anadutsa m'tchire masiku ambiri akudya mizu ndi mango aawisi. Mwanayo sanafike pa mtsinje wa m'malire. Sanadwale matenda ena alionse, inali njala basi. Anamukumbira ndi chikwanje pansi pa mtengo umene pambuyo pake sanathe kuupezanso. Mkazi wawo anamwalira patangopita zaka zochepa, ndipo iwo sanakwatirenso. Dzina la mwanayo sankalitchula, ifenso sitinkafunsa.

Chaka cha napolo chija mvula inagwa masiku otsatizana osapumira, mpaka phiri lonse linabisika. Kenako kunamveka mkokomo ngati malole ambiri akutsika pamodzi, ndipo matope ndi miyala zinadutsa kumunsi kwa mudzi. Nyumba ya amayi inagwa khoma n'kuwavulaza mwendo. Ufa, chimanga, nkhuku, zonse zinapita. Mlatho unakokoloka. Mwamuna wanga anali kuntchito ku Limbe, foni zosagwira. Tinathawira kwa atsibweni, ine ndi amayi, Tamanda ali kumsana, chifukwa nyumba yawo ya njerwa zootcha inali pa kamtunda. Tamanda anali ndi zaka zitatu. Mabanja ena oyandikana nafe anabweranso n'kudzazana pabalaza ndi pakhonde. Moto kunalibe. Khitchini inapita ndi makala ake, nkhuni zonse zinamwa madzi, machesi anafewa ngati phala.

Tsiku limenelo atsibweni anamanga epuloni n'kukokera bokosi pabalaza. Nkhope yawo sindidzaiiwala. Kunja anthu ankalira abale awo, iwonso misozi inali m'maso, koma maso omwewo ankawala ngati a munthu amene wawina mlandu patatha zaka zambiri. Munthu amene ankamana ana a mlongo wake nyama pa Khirisimasi anayamba kugawira mudzi. Ankatsegula ndi mpeni, kununkhiza, kulawa, kutseka maso, kugwedeza mutu, kenako n'kumaitana ana mmodzimmodzi. Chilichonse tinkadya chozizira, kuchoka m'chitini kupita kukamwa.

Ine ndinali ndi mantha, sindibisa. Chitini chilichonse ndinkachisuzumira kunsi kuti ndione deti. Zina zinatha Tamanda asanabadwe, zina ine ndisanakwatiwe. Mwana akangodya ndinkamugwira pamimba, kumugwira pamphumi, kumutsatira akamapita kuseri. Koma palibe chimene chinachitika. Nsomba zinali zofewa kwambiri, mkaka unada n'kulimba, mapichesi ankamveka chitsulo, koma palibe anatsegula m'mimba ngakhale mmodzi. Atsibweni sanandisiye.

"Make Tamanda, deti ija yakuluma pati? Ndionetse bala."

Anthu ankaseka, kuseka kwa anthu otopa. Ndinayamba kuchita manyazi ndi mantha anga, ndipo ndinasiya kusuzumira kunsi kwa zitini.

Pakamwa pakachuluka nkhokwe sichedwa. Patapita masiku bokosi linafika pansi. Mabanja aja anasamukira kutchalitchi, kumene kunamveka kuti thandizo likadzabwera lidzafikira kumeneko. Ife tinatsala chifukwa amayi sakanatha kuyenda m'matope ndi mwendo wotupa. Zitini zapansi zinali zina. Chinyontho chinali chitadya bokosi kunsi, ndipo zotsalazo zinamatirirana ndi dzimbiri. Zingapo zinali zitabooka kale n'kuuma m'kati, zimenezo anataya okha. Chinatsala chimodzi cha nyama, chachikulu, pepala lake litayoyoka. Pamwamba ndi pansi pake panali potupa ngati tsaya la munthu wodwala dzino, moti ukachiika patebulo chinkagwedera. Atsibweni anachiika pawindo, ndipo tsiku lonse palibe anachitchula.

Tsiku lotsatira Tamanda anali atalira njala mpaka kusiya. Anangogona pamphasa akuyamwa chala, maso ali kudenga. Kusiya kulirako n'kumene kunawasokoneza atsibweni. Ankamuyang'ana, n'kuyang'ana kunja, n'kumuyang'ananso. Amayi anandiuza pambuyo pake kuti mwana wa kutsidya uja nayenso anayamba wasiya kulira. Chakumasana atsibweni anadzuka n'kukatenga chitini chija. Atachibaya ndi mpeni chinalira kuti fyuu, n'kulavulira thovu pa epuloni. Fungo lake silinali lowola kwenikweni, linali lowawasa pang'ono basi, ndipo zimenezi zinandiopsa kuposa chikananunkha.

"Atsibweni, chimenecho ayi. Chatupa."

"Chatupa ndi mafuta. Nyama yonona iyi."

"Inu nomwe munandiuza kuti kwa bwana zotupa munkakwirira."

"Kwa bwana kunali firiji yodzaza. Pano pali chiyani? Ndionetse."

Anatulutsa supuni m'thumba. Sanalawe pang'ono monga mwa masiku onse, anadya supuni zingapo zodzaza, n'kutseka maso. Anadikira nthawi yaitali kuposa kale lonse, mpaka mvula inadukiza n'kuyambanso. Ine ndinkayang'ana pakhosi pawo, ndikupemphera kuti asanze kapena akwinye nkhope, kuti nkhaniyi ithere pomwepo. Anatsegula maso n'kugwedeza mutu.

"Bwera naye mwana."

Ndinamukumbatira Tamanda. "Tiyeni tidikire mawa, atsibweni. Mwina kubwera anthu."

"Mawa! Ine ndinadikirapo mawa mwana ali paphewa, iwe Felesiya. Mawa lakelo silinafike." Mawu awo anakwera. "Ndalawa pamaso pako. Ukuti ndikufuna kupha mdzukulu wanga? Nena ndimve, ndine mfiti ine?"

"Sindinatero."

"Nanga ukukaniranji?"

Amayi ndi amene anathetsa. Anadzikoka pamphasa ndi mwendo wawo wotupa n'kutambasula manja. "Felesiya, usawalankhulitse choncho achimwene. Alawa. Bweretsa mwana kuno." Anamutenga Tamanda pamiyendo panga n'kumukhazika pa yawo. Atsibweni anagwada, mawondo akulira, n'kutapa supuni imodzi. Anati idya mwanaka, mawu a Chilomwe otanthauza mwana wanga, amene ankatuluka pokhapokha mtima wawo ukafewa. Tamanda anatsegula kukamwa n'kumeza. Supuni yachiwiri anatembenuza nkhope, nati chowawa. Pamenepo ndinamulanda n'kuthawira naye pakhonde. Amayi nyama ya ng'ombe sadya chibadwire, imawatulutsa ziwengo, ine ndinakana. Atsibweni, mwina chifukwa cha mkwiyo, mwina chifukwa manja awo sankadziwa kutaya chakudya, anamaliza chitini chonse okha. Ndili pakhondepo ndinkamva supuni ikupala pansi pa chitini.

Madzulo a tsiku lomwelo mayi wina woyandikana nafe anabwera ndi chinangwa chimene anafukula m'matope. Tinasenda n'kutafuna chachiwisi. Atsibweni anali bwinobwino, ankayendayenda m'nyumba osandiyang'ana. Tamanda nayenso anali bwinobwino. Ndinadziuza kuti mwina ndalakwira munthu wamkulu pachabe, ndipo ndinakonzeka kupepesa kukacha.

Kutacha atsibweni sanamange epuloni. Ndinawapeza atakhala pabedi akuyang'ana khomo. Anandifunsa chifukwa chake zitseko zili ziwiri. Mawu awo ankakokeka ngati a munthu woledzera, chonsecho mowa sankamwa. Zikope zinali zitagwa mpaka pakati pa maso. Nditawapatsa madzi anatsamwa, madzi n'kutulukira m'mphuno. Thupi silinatenthe, m'mimba simunkapweteka kwenikweni, ndipo mutu wawo unkagwira ntchito bwinobwino. Ankadziwa zonse zimene zikuchitika. Anakweza chikope chimodzi ndi chala n'kusakasaka m'chipindamo mpaka anamupeza Tamanda ataima pakhomo.

"Mwana... anadya zingati?"

"Imodzi, atsibweni."

"Imodzi." Dovu linkatsika pachibwano. "Nditayeni ine. Nyamula mwana, thamanga."

Munthu amene moyo wake wonse sanavomerepo kulakwa sanapepese, sananene kuti unanena zoona. Anangobwereza kuti thamanga, thamanga, mpaka lilime linakana.

Ndinathamangira kutchalitchi kukaitana azibambo. Anazula chitseko cha atsibweni n'kuchisandutsa machila. Amayi anatsala akulira pakhomo popanda chitseko. Pa mtsinje anthu anali atamanga chingwe kuchoka pa mtengo wina kufika tsidya lina, ndipo madzi ankafika m'chifuwa. Atsibweni, ali chigonere pachitseko, ankagunda thabwa ndi dzanja kukana kuti awaolotse iwo poyamba, mpaka bambo wina ananyamula Tamanda paphewa n'kutsogola. Titaoloka tinayenda m'matope mpaka kumsewu, kumene lole ya esiteti inatitenga.

Ulendo wonsewo ine sindinkaona njira, ndinkaona maso a mwana. Mwana wotopa ndi njala amasinza, koma ine akangotsitsa zikope mtima unkaima. Ndinkamutsina, kumugwedeza, kumuimbira, iye n'kumalira kuti amayi ndisiyeni. Ndinamuimikira chala chimodzi n'kumufunsa kuti akuona zingati. Anati ziwiri. Ndinakuwa mpaka anthu a m'lole anatembenuka. Kenako ndinakumbukira kuti pa msinkhu umenewo chilichonse kwa iye chinali ziwiri, nkhuku ziwiri, mwezi ziwiri. Koma kukumbukirako sikunandithandize, chifukwa tsopano ndinalibe njira ina yodziwira.

Kuchipatala kunali kodzaza ndi anthu ovulala ndi napolo, ena pansi, ena m'makonde. Dokotala amene anationa anali mtsikana wotopa, maso ali ofiira. Ndinamasula chitini chija m'chitenje, poti ndinali nditachinyamula, ndipo anachitembenuza ndi cholembera osachigwira. Ndinamuuza kuti deti yake inatha kalekale. Anati deti payokha kawirikawiri si imene imapha. Chitini chimene chili bwino, chosatupa, chosabooka, chosaphwanyika m'mphepete, chopanda dzimbiri lodya chitsulo, chimatha kupitirira deti yake chakudya n'kungotha kukoma. Koma chikatupa ndiye kuti m'kati muli chamoyo chimene chikupuma. Poizoni wake samveka pa lilime, ndipo saluma pomwepo, amadikira tsiku kapena kuposerapo. Anafunsa ngati tinawiritsa nyamayo. Ndinati moto kunalibe. Anangotsitsa mutu.

"Nanga mwanayu adwala?"

"Sindingakulonjezeni chilichonse, mayi. Wadya pang'ono, koma iyenso ndi wamng'ono. Timugoneka, tizimuyang'anira."

Atsibweni anawatengera ku wodi ya abambo, Tamanda ku wodi ya ana, mbali ina ya chipatala. Wowadwazika analipo ine ndekha, ndipo thupi langa ndi limodzi. Tsiku lachiwiri Tamanda anayamba kukana phala. Ankalisunga m'kamwa n'kulitulutsa. Mawu ake anasasa, dovu linayamba kunyowetsa diresi, ndipo chikope chakumanzere chinatsika. Ndinali nditaona kale njira imeneyi pa munthu wamkulu, ndipo ndinkadziwa kumene imapita. Anamuika diripi ndi kachubu ka m'mphuno. Ndinakhala pansi pambali pa bedi, dzanja langa lili pachifuwa chake, kumvetsera ngati chikukwerabe. Ndinkaopa kuphethira, ndinkaopa kupita kuchimbudzi. Mwana wa pa bedi lina akalira ndinkachita nsanje, chifukwa wanga analibe mphamvu zolirira.

Ndili pansi pamenepo ndinakumbukira tsiku limene Tamanda anabadwa. Atsibweni anayenda wapansi kuchokera kumudzi, atavala jekete ya kutchalitchi, m'thumba muli chitini cha mkaka. Kanali koyamba chitini kutuluka m'bokosi lija, ndipo amayi anaomba m'manja kuti lero dzuwa litulukira kumadzulo, ku Chambe. Atsibweni anamunyamula mwanayo nthawi yaitali. Kenako anafunsa anamwino ngati bere likutuluka bwino. Atamva kuti likutuluka, anabweza chitini m'thumba n'kupita nacho kwawo. Tinaseka chaka chonse. Kuyambira pamenepo Tamanda anali wawo. Ankamusendera nzimbe, kumuchotsera minga mu usipa umodziumodzi, ndipo ndikamukalipira ankandikumbutsa kuti mwanayo ndi wa mbumba yawo, ine ndinangomubereka.

Ku wodi ya abambo ndinapitako kamodzi kokha, mothamanga, nditapempha mayi wina kuti andiyang'anire mwana. Ndinawapeza maso atatsekekeratu, pamphuno pali chipangizo cha mpweya, nkhope yosalala ngati ya munthu wogona mwamtendere. Namwino anati musanyengeke mayi, akumva zonse, kungoti thupi lawatsekera. Ndinagwada n'kunena kuti atsibweni, ndine Felesiya. Dzanja lawo linayenda pa nsalu mpaka linagwira langa, n'kulifinya, n'kudikira. Ndinkadziwa chimene akufunsa. Sindinathe kuwanamiza, chifukwa munthu uja bodza ankalinunkhiza patali, komanso sindinathe kuwauza za chikope chija. Ndinangoti tikudikirabe. Dzanjalo linandisiya pang'onopang'ono. Ndinabwerera kwa mwana ndikuthamanga, ndipo masiku otsatirawo sindinachokenso pambali pake.

Sindidziwa kuti anapita masiku angati, onse anali ofanana. Chifuwa cha Tamanda sichinasiye kukwera. Chikope chija chinaima pomwe chinafika, osatsikanso. Kenako m'mawa wina, dzuwa litatuluka koyamba chiyambire mvula ija, ndinamva kamawu kosasa kakuti amayi, njala. Maso onse awiri anali otseguka, akundiyang'ana mwaukali ngati ndamuchedwetsa. Namwino anabweretsa phala. Anameza supuni yoyamba ife tikuyang'ana pakhosi pake, yachiwiri, yachitatu, mpaka m'kapu munayera. Dokotala uja atabwera anamuunika m'maso, anamuuza kuti atulutse lilime, n'kunena kuti zoopsa zadutsa. Ndinalira mokweza pakati pa wodi, osachita manyazi.

Sindinadikire kanthu. Atangomuchotsa diripi ndinamubereka n'kuyamba kuthamanga m'makonde, kudumpha miyendo ya anthu ogona pansi. Atsibweni kuona sakanatha, koma kumva ankamva, ndipo ndinkafuna amve mawu a mwanayo ndi makutu awo. Njira yonse ndinkamuphunzitsa kuti tikafika ukanene mokweza, agogo ndadya phala lonse. Iye ankabwereza kumsana kwanga, akuseka chifukwa cha kudumphadumpha.

Bedi lawo linali lapafupi ndi zenera. Ndinapeza matiresi akuda a pulasitiki okhaokha, opanda nsalu, atangopukutidwa kumene, madzi a mankhwala asanaume m'mphepete. Chipangizo cha mpweya chinali chitasunthidwira kwa wodwala wina. Pakatebulo panalibe kapu, panalibe kanthu. Pakati pa matiresi panali podikha pang'ono, pamene panagona munthu wamfupi. Dzuwa linkagwa pomwepo. Ndinamutsitsa Tamanda kumsana.

Mayi wina wachikulire amene ankadwazika mwamuna wake pa bedi loyandikana anadzuka n'kubwera.

"Ndinu achibale a bambo aja? Pepani, mayi. Atisiya m'mawa womwe uno, dzuwa likutuluka. Anamwino amakusakani."

Ndinangoyang'anabe matiresi aja.

"Koma panali chimene amafuna bambo aja. Kuyambira dzana amangotulutsa dzanja kunja kwa bedi n'kuliimika chonchi." Mayiyo anatsitsa dzanja lake m'mbali mwa bedi, zala zitaloza kumwamba, monga timachitira posonyeza msinkhu wa mwana. "Ife timayesa akufuna madzi. Timawanyowetsa milomo, koma iwo amangoliimikabe. Likagwa, kuliimikanso. Mpaka lero m'mawa."

Akulankhula choncho anayang'ana pansi, n'kuona Tamanda ataima pambali pa bedi, mutu wa mwanayo utagunda dzanja limene anali ataimikalo. Mayiyo anachotsa dzanjalo msanga n'kugwira pakamwa.

Tamanda sanaone zimenezo. Anaimirira ndi zala za kumapazi, n'kugunda matiresi onyowawo ndi kadzanja kake, n'kunena mokweza monga ndinamuphunzitsira.

"Agogo, ndadya phala lonse."